Felemu ya chitseko cha amayi

Chitseko cha nyumba ya amayi anga ku Malindi anachipanga ndi malemu bambo athu, Allah awachitire chifundo, ine ndisanapite n'ku jando komwe. Ndi cha mlombwa, ndipo mpaka lero chiswe chimachilambalala. Koma felemu yake anapangira mtengo wofewerapo. Mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 itanyowetsa pansi kwa masiku ambiri, chiswe chinalowa mwakachetechete n'kudya mwendo wa felemu wa mbali ya mahinjesi. Pofika kumayambiriro kwa 2024 chitseko chinali chitapendekeka, chikukhula pansi, ndipo potseka usiku mlongo wanga ankachita kuchinyamula ndi phewa.

Tinaitana kalipentala wa m'mudzimo, munthu wodziwa ntchito yake. Anagogoda felemu ija ndi chala nati, "Apa palibe kuchitira mwina. Tigumule njerwa za m'mbali, tizule felemu yonse, tiike yatsopano." Sanalakwe ayi. Sowo imafuna malo opitira kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo, tsono thabwa lomatirira kukhoma ungalicheke bwanji? Chimene chinandiopsa ine n'chakuti khomalo ndi la njerwa zootcha koma zomangira dothi. Ukagumula imodzi, zinzake zitatu zimalondola.

Amayi anakana kwa mtuwagalu. Maso awo anachita ng'ala zaka zapitazo, ndipo m'nyumba mwawo amayenda ndi dzanja. Pa mwendo wina wa felemuyo, cha m'chifuwa mwa munthu, pali malo akuda osalala ngati mpini wa khasu lakale. Pamenepo ndi pamene amagwira m'bandakucha uliwonse potuluka kukachita wudhu ya swala ya Subuhi. Dzanja likafika pamenepo amadziwa kuti patsala phazi limodzi kuti atsike pakhonde. "Mukazula felemuyi," anatero, "inenso mundipezere kokhala." Paja kwathu kuno nyumba ndi ya mayi, bambo anali mkamwini chabe. Nkhani inathera pomwepo, ndipo chitseko chinapitiriza kukhula pansi.

Kutatsala milungu iwiri kuti tiyambe kusala m'mwezi wa Ramadhani, kunabwera mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito yokonza nyumba ku Durban. M'chikwama mwake munali kamakina ka batire, kotalika ngati chisononkho chachikulu cha chimanga, kokhala ndi kampeni kaphanthiphanthi ka mano kunsonga. Anzake kuntchito amakatcha multi-tool. Ndinakayang'ana monyoza. Ndinafunsa ngati kanali kometera ndevu.

"Amalume, gwirani apa," anatero, n'kukayatsa.

Kulira kwake ndinakuzindikira nthawi yomweyo. Ndili mnyamata ndinagwa mu mtengo wa mango n'kuthyoka mkono, ndipo tsiku lochotsa chikhakha adokotala anabwera ndi makina olira chimodzimodzi, ngati mavu atsekeredwa m'chitini. Ndinalira poganiza kuti andidula mkono, koma chikhakha chinang'ambika khungu langa lili bwinobwino. Ndipotu makina awiriwa ndi pachibale. Dokotala wa mafupa wa ku Michigan m'dziko la America, Homer Stryker, ndiye anatulukira sowo yodulira chikhakha m'zaka za m'ma 1940. Kampani ya Fein ya ku Germany inapanga yakeyake mu 1967, ndipo pambuyo pake nzeru yomweyo inaipititsa kwa amisiri a matabwa.

Chinsinsi chake n'chakuti mpeniwo suzungulira ngati wa makina ocheka matabwa. Umangonjenjemera uku ndi uku, pang'ono zedi, madigiri 3 kapena kuposerapo pang'ono, koma kufikira ka 20,000 pa mphindi imodzi. Chinthu cholimba chosasuntha, monga chikhakha kapena thabwa, chimadyeka. Khungu limagwedezeka pamodzi ndi mpeniwo, n'chifukwa chake silichekeka msanga. Komabe musati muyese pa chala chanu, pakuti mano a mpeni wa matabwa ndi akuthwa ndipo amatulutsa magazi. Phindu lake kwa ife linali lakuti, popeza sufuna malo obwerera m'mbuyo, umalowa m'thabwa ndi kunsonga, molunjika, monga tchizulo, ngakhale pakona kapena mogundana ndi khoma.

Tinagwejemula chitseko n'kuchigoneka pa mphasa. Mnyamatayo anabaya felemu ndi msomali kuyambira pansi kukwera m'mwamba mpaka pamene msomali unakana kulowa. Zoola zinathera pa masentimita 30. Anajambula mzere pamwamba pakepo, osati woongoka koma wokhala ngati sitepe, kuti thabwa latsopano lidzalumane ndi lakale. Kenako anandipatsa makina aja.

Apa ndiye ndinachita manyazi. Ndinati Bismillah, n'kukankha ndi mphamvu zanga zonse monga ndimachitira ndi sowo. Thabwa linayamba kufuka utsi, fungo la kupserera linadzaza khonde, ndipo amayi anafuula ali m'kati kufunsa amene wasiya mphika pamoto. Mnyamata anandigwira dzanja. "Musakankhe, amalume. Ingogwirani, kadye kokha. Muzikayendetsa pang'ono uku ndi uku kuti utuchi utuluke." Ndinamvera, ngakhale kuti kuphunzitsidwa ndi mwana amene unamunyamula pa tsiku lomupatsa dzina kumawawa pang'ono. Mpeni unayamba kulowa bwino. Koma posakhalitsa unalira mwachilendo n'kuleka kudya. Unali utagunda msomali wa mainchesi 4 umene bambo anakhomera felemu kukhoma, ndipo mano onse a pakati anali atatha psiti.

Mnyamatayo sanalankhule kanthu, koma nkhope yake inandiuza mtengo wa mpeniwo. Anachotsa batire poyamba, chimene amachita nthawi zonse asanagwire mpeni, naikapo wina wotha kudula thabwa ndi chitsulo chomwe. Msomali uja unaduka. Mwendo woola unatuluka m'manja ngati chigumu chouma, m'kati muli dothi lokhalokha la chiswe. Njerwa ngakhale imodzi sinagwedezeke.

Azana ya Zuhri itamveka tinazimitsa makina. Mzikiti uli pafupi, ndipo phokoso la kanthu aka si loti n'kupikisana ndi muazini. Batire nayonso inali itatopa, tinakaisiya pa sola ya mnansi.

Kunena chilungamo, kamakinaka sikanagwire ntchito yonse. Mnyamata atayesa kudulira thabwa latsopano la mlombwa, kanachedwa ndipo mzere unakhota. Kudula thabwa lalitali pabwalo, sowo ya kale ija imakaposa kutali. Tinabwerera kwa kalipentala yemwe uja. Anabwera ndi pulena ndi tchizulo yake, nasema chidutswacho mpaka chinalowa ndendende mu sitepe ija. Atamaliza anatenga makinawo, nawatembenuzatembenuza, nafunsa kumene mipeni yake imagulidwa. Atamva kuti yonse inachokera ku Durban anawabweza osanena zambiri. Ndinamumvetsa. Sowo yake ikabuntha amainola yekha ndi tupa pansi pa mtengo, koma mpeni uwu ukatha mano watha basi. Amene akuganiza zoitanitsa makina otere kwa mwana wake wa ku Joni, amuuze kuti mipeni ichuluke, makamaka yodula misomali, ndiponso asaiwale magalasi oteteza maso.

Tinafukula njira ya chiswe pansi pa felemu, kuthirapo simenti, ndi kupaka oyilo wakuda kunsi kwa chidutswa chatsopano. Tinachimata ndi guluu ndi kuchimanga ndi masikuluwu. Pomaliza mnyamata anachotsa mpeni naika kachitsulo ka makona atatu komatapo sandipepala, n'kusalaza polumikizira. Atatha apo ndinaona dzanja lake likulowera ku mwendo wina uja, ku malo akuda osalala, ati awayeretseko. Ndinathothola batire ndi dzanja langa. Anandiyang'ana modabwa, kenako anakumbukira, ndipo tonse tinaseka chamumtima kuti agogo ake asamve.

Usiku umenewo ndinagona komweko. M'bandakucha ndinamva amayi akudzuka. Ndinamva dzanja likukhwekhwereza khoma, kenako linaima. Chitseko chinatseguka osalira, ndipo anatsika pakhonde ndi ketulo yawo ya madzi.

Titaswali ndinawafunsa ngati ntchito yawakomera. Anati Alhamdulillah, ndipo anamupempherera dua mdzukulu wawo. Kenako anatembenukira kwa ine. "Koma chitseko chija chikamakhula pansi ndinkadziwa mwana aliyense wolowa mochedwa usiku. Tsopano ndidziwa bwanji?"

Mlongo wanga anamangirira kabelu ka njinga kuseri kwa chitsekocho tsiku lomwelo.