Mukapita ku Gulupu, lowani awiri

Mukakwera minibasi ku Limbe kulowera m'tauni ya Blantyre, tsikirani pa Ginnery Corner. Kuyenda pang'ono mufika pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chija agogo athu amati ku Gulupu, chomwe chidatsekulidwa mu 1958.

Musathamangire kuwodi. Taimani kaye kumene magadiyani amaphikira. Utsi uli tolotolo, miphika ili pamoto, wina akuthira phala m'kontena, wina akuchapa nsalu za wodwala. Ambiri ndi amayi. Ena adasiya ana ndi dimba ku Thyolo kapena ku Chikwawa, mwezi wathunthu osapondako kwawo.

Tamverani macheza awo. Nkhuni, sopo, ndalama ya thiransipoti. Za banja, zii. Matenda aakulu ngati khansa amatero: mwamuna ndi mkazi amangosanduka wodwala ndi gadiyani. Wodwala amabisa mantha kuti asalemetse mnzake. Wosamalira amabisa kutopa poopa kunenedwa kuti chikondi chatha. Achibale nawo amayamba kuloza zala: wamulodza ndani?

Pachipatala chomwechi pali kiliniki yotchedwa Tiyanjane, imene idayamba mu 2003 kuthandiza akuluakulu odwala matenda osachiritsika. Kumeneko amachepetsa ululu ndi mankhwala monga mofini wakumwa, komanso amakhala pansi ndi wodwala ndi abale ake n'kukambirana. Dzina lokhalo likukulangizani kale.

Choncho tsiku lokaonana ndi adokotala kapena aphungu, lowani awiri. Abambo, musatsalire pabenchi panja ati zimenezo n'za azimayi. Funsani zonse, manyazi pambali. Kodi za kuchipinda tingapitirize? Ana tiwauze bwanji? Ululu ukakula usiku titani?

Za nyumba ndi munda kambiranani mnzanuyo akadali ndi mphamvu, ankhoswe a mbali zonse ali pomwepo, ndipo mulembe wilo. Sikuitana imfa ayi, n'kuteteza ana kwa olanda chuma cha masiye.

Inu osamalira, kutopa si tchimo. Mutu umodzi susenza denga. Pemphani alamu kapena amayi a kumpingo adzakulandireni masiku awiri, mukaone ana, mukagone tulo.

Nthawi yoona odwala ikakwana, musangosiya kontena n'kutuluka. Khalani pambali pa bedi, mumugwire dzanja, mumuuze za kumudzi: mbuzi ija yaswa, mwana wakhoza mayeso, mvula yagwa. Wagona apoyo akadali mwamuna wanu, akadali mkazi wanu.