Mau kwa Alendo Ofika ku Neno

Abale amene mwafika catsopano muno m'Neno, mverani. Ine ndinacokera ku Tete m'caka ca 2016, pamene tinathawa nkhondo ndi kudzakhala ku Luwani. Anzanga ambiri anaopa cipatala, poyesa kuti mlendo amlipiritsa. Si tero ai. Pa cipatala ca Boma, monga ca Neno kapena ca Lisungwi, mankhwala ngaulere, ndipo munthu salembetsa kwa dotolo mmodzi yekha. Cofunika ndico kabuku ka kucipatala. M'menemo alembamo nthenda yanu, mankhwala amene munamwa ndi katemera wa mwana, kuti dotolo aliyense adziwe poyambira. Kapezeni lero, musadikire malungo. Kasungeni pouma, pakuti mlendo akadwala kwa eni, womnenera ndiye kabuku kameneka.