Chimbalangondo kapena Nguluwe: mkangano wa anyamata athu pa Clash Royale



Kuno ku Mualadzi kuli mkangano umene sudzafika kwa amfumu, koma wagawa anyamata pawiri ndithu. Gwero lake ndi masewera a pafoni otchedwa Clash Royale. Fodya akagulitsidwa mafoni atsopano amalowa m'midzi, ndipo madzulo pamsika, pafupi ndi malo otchajira mafoni pa sola, mupeza mitu isanu itazungulira foni imodzi, onse akukuwa ngati ali ku mpira. Makolo angapo andifunsa ngati imeneyi si juga. Kuti ndiwayankhe zoona, ndinapempha mwana wa mlongo wanga, amene ali ku sekondale, kuti andiphunzitse. Tsopano nanenso ndili ndi mbali yanga pa mkanganowu.

Masewerawa anapangidwa ndi kampani ya Supercell ya ku Helsinki, m'dziko la Finland, ndipo anatuluka pa dziko lonse m'mwezi wa Marichi chaka cha 2016. Anthu awiri amalimbana pa intaneti, wina ali kuno, winayo mwina ali ku Brazil kapena ku Turkey. Bwalo lagawidwa ndi mtsinje wokhala ndi milatho iwiri. Aliyense ali ndi nsanja zitatu, ziwiri zazing'ono kutsogolo ndi ya mfumu kumbuyo. Umasankha makadi 8 mwa makadi oposa 100, koma m'manja mumaoneka anayi okha pa nthawi imodzi, ndipo ukaponya imodzi imapita kumapeto kwa mzere kudikira kuti ibwerenso. Kadi iliyonse ili ndi mtengo wake, wolipira ndi madzi ofiirira otchedwa elixir. Madziwa amadzaza okha, dontho limodzi pa masekondi 2,8, ndipo sapitirira madontho 10. Nkhondo imatenga mphindi zitatu, ndipo mphindi yachitatu madontho amabwera mwaliwiro kuwirikiza kawiri. Wagwetsa nsanja zambiri wapambana.

Foni zambiri kuno zimaonetsa masewerawa m'Chipwitikizi cha ku Brazil, koma simudzamva mnyamata akunena kuti Megacavaleiro. Iyeyo dzina lake kuno ndi Chimbalangondo. Corredor, munthu wokwera nkhumba atanyamula nyundo, ndi Nguluwe basi. O Tronco ndi Chipika, Exército de Esqueletos ndi Gulu la Mafupa, elixir ndi thobwa. Mawu oti nsanja aja sindinawapeke ine, ndi awo, ndipo andisangalatsa chifukwa nsanja ya kumunda imagwira ntchito yomweyo, kuona mdani ali patali n'kumulasa asanafike pa chimanga.

Tsono mbali yoyamba ndi ya Chimbalangondo. Kadi imeneyi imadya madontho 7, koma ikatera pansi imaphwanya zing'onozing'ono zonse zili pamenepo, kenako imadumpha n'kukagwera mdani ali chapatali. Anyamata a mbali iyi amati nzeru yake ndi yosavuta: lola mnzako asonkhanitse asilikali pamlatho, iwe uwaponyere Chimbalangondo pamutu, chikatsala chamoyo uchiperekeze ndi ena kukagwetsa nsanja. Anzawo amawanyoza kuti amenewo ndi masewera a munthu wosaganiza, kuti ngakhale agogo atatseka maso akhoza kupambana nawo.

Onyozawo ndi a mbali ya Nguluwe. Iwo amaonera makanema a akatswiri pa YouTube, mamega akapezeka, ndipo amatsatira gulu la makadi lodziwika dziko lonse ndi dzina loti 2,6. Muli Nguluwe ya madontho 4, Mosqueteira 4, Bola de Fogo 4, Canhão 3, Chipika 2, Golem de Gelo 2, Espírito de Gelo 1 ndi Esqueletos 1. Mukaphatikiza ndi 21, mukagawa ndi 8 mupeza 2,625, n'chifukwa chake dzinali. Poti makadiwa ndi otchipa, mzere umazungulira msanga, ndipo Nguluwe imabwerera m'manja mdani asanapezenso kadi yake yoitchingira. Nguluwe silabadira asilikali, imadumpha mtsinje n'kulunjika pa chomangidwa chilichonse chili pafupi. Imenya kawiri, ifa, ibweranso, imenya kamodzi, mpaka nsanja itatha ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe. Mbali iyi imatchulanso dzina la Mohamed Light wa ku Egypt, amene anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2022, ngati umboni woti mwana wa mu Africa akhoza kufika pamwamba ndi zala ndi mutu.

Pa pepala a Nguluwe akunena zoona. Chimbalangondo chili ndi zofooka zoonekeratu: sichingamenye chouluka, ndiye Servos a madontho 3 amachijompha kuchokera m'mwamba icho chili kakasi, ndipo chikakumana ndi P.E.K.K.A maso ndi maso chimagwa. Woponya madontho 7 pa kadi imodzi amatsala ndi atatu okha, ndipo wochenjera amathamangira pa mlatho winawo nthawi yomweyo, thobwa la mnzakeyo lisanadzaze.

Koma akatswiri a pa YouTube aja sasewerera ku Mualadzi. Gulu la 2,6 limafuna kuti Canhão itere pakabokosi kake kenikeni, pa sekondi yake yeniyeni, kuti ikokere mdani pakati pa nsanja ziwiri. Kuno netiweki, imene anyamata amaitcha rede, imabwera ndi kuchoka monga ifunira. Kachizindikiro kofiira kakangoonekera pakati pa foni, zonse zimaima, ndipo zikamayambanso kuyenda upeza nsanja yako yatsala theka. Ndaona mnyamata waluso kwambiri wa mbali ya Nguluwe atagonja kanayi motsatizana madzulo amodzi, foni ili m'mwamba ngati akupereka nsembe, pomwe mnzake wa Chimbalangondo pa benchi lomwelo akupambana. Kadi yolemera imakhululuka. Ukaichedwetsa ndi sekondi imodzi imagwirabe ntchito yake, chifukwa ili ndi moyo wambiri. Esqueletos a dontho limodzi ukawachedwetsa ndi sekondi, wangotaya. Choncho ine sindivomereza kuti a Chimbalangondo saganiza. Ayang'ana mlongoti umene tili nawo, asankha chida choyenerana nawo, monga mlimi wa kumtunda sabzala mpunga chifukwa choti waona wa kudambo akukolola.

Ineyo ndili pakati, ngakhale pang'ono ndapendekera ku zolemera. Makadi anga ndi Gigante, Mosqueteira, Valquíria, Mini P.E.K.K.A, Bola de Fogo, Servos, Canhão ndi Flechas. Pamodzi ndi madontho 30, ndipo foni imalemba 3,8. Gigante ndimamuyambitsira kumbuyo kwenikweni kuti pomwe azifika pamlatho thobwa likhale litadzazanso, Mosqueteira n'kumutsata pambuyo. Mwana wa mlongo wanga amaseka, amati, "Amalume, amenewa ndi makadi a madala." N'zoona, zala zanga sizithamanga ngati zake. Koma netiweki ikadukiza, Gigante wanga amapitirizabe ulendo wake osandidikira.

Chimene mbali zonse ziwiri zimagwirizana, ndipo ndicho mtima wa masewerawa, ndi kuwerengera. Mdani akaponya Barril de Goblins ya madontho 3, iwe n'kuyankha ndi Chipika cha 2, wapindula dontho limodzi. Gulu la Mafupa nalonso ndi 3, ndipo Chipika chomwecho chimalisesa lonse. Upindule chotero katatu kanayi, uli ndi asilikali pabwalo pomwe mnzako alibe chogulira. Palinso za nyambo. Wochenjera amayamba waponya kadi ina yoti ikunyengerere kutaya Chipika, ndipo ukangochitaya mbiya ya Goblins ili m'mwamba kulunjika pa nsanja yako, iwe m'manja mulibe kanthu. Kuti usakodwe uyenera kusunga m'mutu makadi amene mnzako waponya kale ndi amene atsala pang'ono kubwerera. Bambo wina wachikulire amene sachoka pa ntchuwa pansi pa mtengo wa mango anayang'anitsitsa foni kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Iyi ndi ntchuwa yomweyi, kungoti miyala yake ili ndi miyendo." Pa ntchuwa nawonso wodziwa amawerenga miyala ya m'maenje a mnzake asananyamule yake, ndipo nthawi zina amalola kudyedwa pang'ono kuti adye zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anyamata ambiri amene amagonja amagonja chifukwa chala chimawayabwa thobwa likangofika pa 4.

Apa aphunzitsi anzanga mundimvetse. Pali mnyamata amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo, amene mawu oti média aritmética ankamuumitsa pakamwa. Tsiku lina ndinamumva akulangiza mnzake kuti, "Chotsa Golem uyike Gigante, 8 isanduke 5, atatu ukawagawira makadi 8 katundu wako apepuka pafupifupi ndi theka la dontho." Atatu kugawa kwa 8 ndi 0,375. Sanalakwe kwenikweni, ndipo anawerengera pamtima, m'Chichewa, akutafuna nzimbe. Sabata yotsatira ndinalemba pa bolodi mitengo ya makadi 8 opanda mayina, n'kufunsa ana anga kuti katunduyu akulemera bwanji pa kadi imodzi. Manja anakwera ngakhale a ana amene sanagwirepo foni, chifukwa funso linamveka. Mawu a Chipwitikizi ndinawapereka pambuyo, yankho lili kale pa bolodi.

Tibwere ku funso la makolo. Clash Royale si juga monga kandege kaja kamene kamameza ndalama za fodya, chifukwa pano palibe amene amabetcha kapena kulandira ndalama akapambana. Kulowa ndi kwaulere. Koma ndalama ili ndi khomo lake. Makadi amakwezedwa mphamvu, ndipo wogula miyala ya m'masewera kapena Pass Royale amakweza msanga kuposa wosagula. Nguluwe ziwiri zofanana dzina zikhoza kusiyana mphamvu chifukwa mwini wa ina analipira. Anyamata athu ambiri sagula, ndipo apeza okha njira: sankha makadi 8, uwakweze omwewo, usamwaze golide pa kadi iliyonse yatsopano. Amene anakulira pa munda sachedwa kumva zimenezi, thumba limodzi la feteleza ukalimwaza munda wonse supeza kanthu. N'chifukwa chakenso mkangano wa Chimbalangondo ndi Nguluwe suzirala. Amene wathira chuma cha miyezi isanu ndi umodzi mu kadi imodzi sangavomere msanga kuti anasankha molakwika, pakuti kusintha ndi kuyambiranso pansi.

Chimene chimatayika kwenikweni ndi mamega ndi nthawi. Nkhondo imodzi ndi mphindi zitatu zokha, n'chifukwa chake ili yoopsa: wogonja amafuna kubwezera, wopambana amafuna kuonjezera, ndipo "kamodzi kokha" kamafika pakati pa usiku. Mwana wogona m'kalasi ndimamudziwa ndi maso. Kunyumba kwa mlongo wanga tinapangana kuti foni igwiridwe ntchito za kusukulu ndi za pakhomo zikatha, ndipo mnyamata akagonja kawiri motsatizana aiyike pansi. Lamulo lachiwirili analandira mosavuta kuposa loyamba, chifukwa iye mwini anaona kuti akapsa mtima amaponya makadi mosawerengera ndipo zikho zake zimatsika. Makolo, musapatse mwana nambala yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola, ndipo mukamufunsa kuti akusewera chiyani, muuzeni akufotokozereni chifukwa chimene wasankhira makadi akewo. Akayankha zomveka, ndiye kuti mutu ukugwira ntchito. Akangoti "ndi amphamvu", mwina mamega akungopsa.

Loweruka likubwerali anyamata apangana kuti mbali ziwirizi zikumane, asanu kwa asanu, m'mawa kwambiri netiweki isanalemedwe. A Nguluwe ndi amene anaumirira za nthawiyo, ndipo a Chimbalangondo akuti kuumirirako ndi kuvomera kale. Andipempha kuti ndikhale wolemba zigoli. Inu a ku Furancungo, ku Ulónguè, ku Katete ndi ku Dedza, ngati ana anu amasewera, tandilemberani m'munsimu mayina amene anapatsa makadiwa kwanuko. Kuno Mini P.E.K.K.A sanapezebe dzina, ena akuti Kachikwanje, ena akuti Kamfiti.