Mandala a Mnzathu

Mu mzinda wa Blantyre muli nyumba yakale yosanja yotchedwa Mandala, imene idamangidwa m'chaka cha 1882. Dzinali lidachokera kwa mzungu wina wa ku Scotland, John Moir, yemwe ankayendetsa kampani ya African Lakes. Iyeyu ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu poona kunyezimira kwa magalasiwo adamutcha Mandala. Kuyambira kale, tsono, munthu wovala magalasi sachedwa kupatsidwa dzina. Wamkulu amangoseka, koma mwana dzina lotere limamulemera.

Kodi magalasi amagwira ntchito yanji? Kuti tione chinthu, kuwala kumalowa m'diso ndi kukagwera pa kachikopa kamene kali kumbuyo kwa disolo. Ana ena maso awo ndi otalikirapo pang'ono m'kati, motero kuwala kochokera kutali sikugwera pamalo pake. Ana otere amaona bwino buku lili m'manja, koma zolembedwa pa bolodi zimaoneka ngati utsi. Galasi limakhotetsa kuwalako kuti kukagwere poyenera. Magalasi satha maso monga ena amanenera, koma amangowathandiza.

Ndisanayambe ntchito yokonza mabuku a sukulu, ndidaphunzitsa pa sukulu ina ya m'dera la Mfumu Dzoole, m'boma la Dowa. M'kalasi langa la Sitandade 5 mudali mtsikana wanzeru amene ankafinya maso poyang'ana pa bolodi, ndipo kawirikawiri ankakopera m'kope la mnzake. Makolo ake adagulitsa mtedza, nakwera naye galimoto pa Mponela kupita ku chipatala cha Nkhoma, chimene nchodziwika pa zochiza maso. Kumeneko adamuyeza ndi kumupatsa magalasi.

Adawavala masiku awiri okha. Tsiku lachitatu magalasi adali m'thumba la mabuku. Nditamufunsa, iye adati, "Aphunzitsi, ndikavala mutu umandipweteka, ndipo ndikamayenda pansi pamaoneka ngati pakwera. Komanso anyamata akunditcha maso anayi." Ndidaona kuti ngati sitimuthandiza, mtedza wa makolo ake upita pachabe, ndipo iye adzalephera mayeso ali ndi nzeru zake.

Poyamba ndidamuuza kuti zimene ankamvazo sizachilendo. Maso ndi ubongo zimafuna masiku angapo, mwina sabata imodzi kapena ziwiri, kuti zizolowere, monga momwe phazi limazolowerera nsapato yatsopano. Tidagwirizana kuti aziwavala nthawi yonse ya maphunziro, kenaka aziwonjezera pang'onopang'ono mpaka tsiku lonse. Mutu ukadapitirira kupweteka, akadayenera kubwerera ku chipatala. Ndidatuluka naye panja ndi kumulozera phiri. Atavala magalasi adafuula, "Aphunzitsi, kani mitengo ija imaoneka umodziumodzi!"

Ntchito yaikulu idali kwa anzake. Ndidabwera ndi pepala la pulasitiki la shuga, ndipo wophunzira aliyense adayesa kuwerenga pa bolodi atatchinga nalo maso. Palibe amene adatha. Ndidawauza kuti, "Umu ndi mmene mnzanuyu wakhala akuonera zaka zonsezi." M'kalasi mudangoti zii. Mnyamata amene adayambitsa dzina lija adazolika. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, pakuti ambiri a ife tikadzakula tidzafuna magalasi powerenga.

Kuyambira tsiku limenelo anzake adasintha. Wina ankamukumbutsa kuvala akaiwala. Wina adamupotera kachingwe komangira magalasiwo kumbuyo kwa mutu kuti asagwe posewera fulaye. Patapita sabata ziwiri mutu udaleka kupweteka, ndipo mtsikanayo adasiyiratu kukopera kwa mnzake.

Wovala magalasi ayenera kuwasamala. Povala ndi povula agwire ndi manja awiri kuti asapindike. Awatsuke ndi madzi oyera ndi kuwapukuta ndi kansalu kofewa, chifukwa fumbi limakanda galasi. Akavula awaike m'kabokosi kake. Asabwereketse mnzake, popeza magalasi amakonzedwa molingana ndi maso a munthu mmodzi yekha. Pa chifukwa chomwechi si bwino kugulira mwana magalasi pa msika asadayezedwe. Maso a mwana amasintha pamene akukula, choncho ayenera kukayezetsanso chaka ndi chaka. Akatswiri oyeza maso alipo m'dziko mwathu muno, ndipo Yunivesite ya Mzuzu idayamba kuwaphunzitsa m'chaka cha 2008.

Ana inu, dokotala amayeza maso ndipo makolo amagula magalasi, koma kuti magalasiwo akhale pa nkhope osati m'thumba zimadalira inu anzake. Mnzanu akabwera nawo ku sukulu, musamuseke kapena kumulanda kuti muyese. Mulandireni monga mwa masiku onse. Ndipo ngati inu simuona bwino pa bolodi, musabise. Uzani aphunzitsi ndi makolo anu lero lomwe.

Mafunso

1. Kodi dzina loti Mandala lidayamba bwanji?
2. Nchifukwa chiyani mtsikana uja adabisa magalasi ake?
3. Tchulani njira zitatu zosamalira magalasi.
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli m'nkhaniyi.