Kusaka pokhoma tenti ku Chembe

Lachitatu, 10 Julaye 2024, ku Lilongwe

Alamu aimba foni kuchokera ku Johannesburg. Anyamuka mawa mbandakucha ndi achemwali anga ndi ana awiri, pa galimoto imene akhala akuikonza kwa miyezi yambiri. Ndi minibasi yakale imene anaizula mipando n'kuikamo bedi, kafiriji, chitofu cha gasi ndi thanki ya madzi. Adzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, n'kudzalowera pa Mwanza. Akufuna kukapuma kunyanja masiku atatu asanapite kumudzi, ndipo ntchito yopeza malo aisenzetsa ine. "Alamu, apafupi ndinu. Mutipezere poti galimoto iime bwinobwino, inuyo mukhome tenti pambali pathu."

Ndavomera, koma mtima uli m'malere. Ndili ndi zaka 41 ndipo sindinagonepo m'tenti. Kwathu kuno ukaona tenti pabwalo la munthu umafunsa kuti watisiya ndani, kapena akukwatiwa ndani. Chaka chatha tinaona matenti ndandanda a anthu amene namondwe Freddy anawagumulira nyumba ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Nditawauza amayi za ulendowu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Nyumba uli nayo. Ukakagone pansalu chalakwika n'chiyani?" Ndinasowa choyankha, ndipo funsolo ndapita nalo kogona.

Tenti ndabwereka kwa mnzanga wa kuntchito. Madzulo ndaiyesa pakapinga kuseri kwa nyumba. Ili ndi ndodo ziwiri zopindika zimene zimapingasana pamwamba, nsalu yamkati yokhala ndi neti, nsalu yakunja yotchinga mvula, ndi zikhomo zachitsulo zoonda ngati sipoko ya njinga. Pakapinga zalowa mosavuta ndipo zagwira.

Lachinayi, 11 Julaye

Tsiku lonse ndakhala pa foni. Pa intaneti malo ogona a kunyanja ndi ambiri, ndipo onse zithunzi zake n'zofanana: mchenga, bwato, dzuwa likulowa. Palibe chithunzi choonetsa chipata, kapena njira yolowera, kapena pamene pali soketi. Ndaimba manambala atatu. Awiri sakupezeka. Wachitatu wayankha kuti, "Bwerani bwana, malo alipo." Nditafunsa ngati galimoto yaitali ingalowe, wati, "Ilowa." Sanafunse kutalika kwake, ndipo ine sindinakudziwe. Ndatumiza uthenga kwa alamu kuti ayeze. Ayankha ali pamzere pa Beitbridge: kuchoka pansi kufika pamwamba pa katundu wa padenga ndi mamita 2.6, mulitali mamita 5 ndi theka. Ndatenga chingwe cha sisalo n'kumanga mfundo pa miyeso iwiriyo.

Ndasankha Cape Maclear, mudzi wa Chembe, chifukwa cha mphepo. Ino ndi nyengo ya mwera, umene umawomba kuchokera kummwera chakummawa ndipo umatha kuletsa asodzi kulowa panyanja. Gombe la Chembe linayang'ana kumpoto chakumadzulo, mapiri ali kumbuyo kwake, choncho ndi lobisalako. N'chifukwa chakenso kumeneko dzuwa limalowera m'madzi, pamene ku Salima ndi ku Nkhata Bay limatulukira m'madzi.

Lachisanu, 12 Julaye, ku Chembe

Ndafika ku Monkey Bay masana dzuwa litapendeka. Ndi tauni yaing'ono, msewu umodzi waukulu wothera padoko pamene pali kwawo kwa sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Ndagula madzi akumwa, makandulo ndi buledi, kenako ndakwera kabaza wa njinga yamoto kubwerera pamphambano n'kukhotera ku Cape, ulendo wa makilomita pafupifupi 18 wokhotakhota m'mapiri. Anyani anakhala m'mbali mwa msewu osatekeseka n'komwe.

Chifukwa cha kutopa ndalowa pamalo oyamba amene ndaona chikwangwani choti amalola matenti. Mnyamata wolandira alendo anandifunsa kuti, "Azungu anu akubwera pambuyo?" Ndinati ndili ndekha. Anapepesa, n'kunena kuti Amalawi amabwera ambiri, makamaka pa Khirisimasi ndi Pasaka, koma amafuna zipinda. Sanalankhule mwachipongwe, komabe mawuwo anandikhala pamtima.

Ndinakhoma tenti pamchenga, masitepe ochepa kuchokera pamadzi, chifukwa m'zithunzi zonse zija matenti amakhala pamenepo. Nyanja chaka chino yadzaza kwambiri. Mpanda wa malowa mbali ina uli m'madzi, ndipo mtengo umene akuti anthu ankakhala pansi pake ukuoneka nthambi zokha. Ndinaona zimenezi koma sindinazilingalire.

Loweruka, 13 Julaye, m'mawa

Usiku sunali wabwino. Cha m'ma 1 koloko mphepo inatsika m'phiri mwamagulumagulu, ndipo zikhomo za mbali imodzi zinazuka zonse. Nsalu yakunja inayamba kundimenya kumaso. Ndinatuluka ndi tochi ya pa foni, kukhoma apa uku kwina kukuzuka. Mchenga wouma sugwira chitsulo choonda, umangochilavula.

Alonda, bambo achikulire ovala chikhoti ndi chipewa chaubweya, anabwera osaitanidwa. Sanandifunse kanthu. Anapita kuseri n'kubwera ndi matumba anayi a simenti opanda kanthu, tinadzazamo mchenga, n'kumangirira ngodya iliyonse ya tenti kuthumba lake. Zingwe ziwiri zotsala anandionetsa njira ina: anamanga chingwe pakati pa kamtengo kotalika ngati mkono, anakumba dzenje lofika m'chigongono, anagoneka kamtengoko chopingasa n'kukwirira, kenako anapondaponda. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, sikanasunthe. "Bambo, khomo musamaliyang'anitse kumene kukuchokera mphepo," anatero. "Ndipo mawa musunthire kumtunda. Madzi a chaka chino sakudziwika, mafunde akakula afika pamene mwagonapa." Anati iwo ali mnyamata ankagona m'misasa ya asodzi, ndipo misasayo ankaimanga chomwecho.

Ndinagona tulo tochepa, koma tenti sinagwedezekenso.

Loweruka lomwelo, madzulo

Lero ndiye ndagwira ntchito imene ndinabwerera. Ndayenda wapansi gombe lonse, chingwe changa m'thumba, ndipo ndalowa malo asanu.

Chinthu choyamba chimene foni sikanandiuza ndi njira ya m'mudzi. Malo ogona alendo ku Chembe ali m'kati mwa mudzi weniweni, ndipo kuti ufike pachipata umadutsa m'tinjira tapakati pa mipanda ya udzu, ana akusewera, mbuzi zitagona, mawaya a magetsi akulendewera kuchoka nyumba ina kupita ina. Malo amene anandiuza pafoni kuti "ilowa" ali ndi chipata chotakata ndithu, koma pamwamba pake anapingasa mtanda wonyamula chikwangwani. Ndinaimika nsungwi n'kuyeza ndi chingwe: mtandawo ndi waufupi ndi chikhatho chimodzi. Alamu akanafika usiku atatopa akanasiya katundu wa padenga pomwepo.

Malo achiwiri galimoto ikhoza kulowa, koma poimika pake ndi mchenga wofewa umene phazi limamira mpaka m'kakolo. Minibasi ija imakoka ndi matayala awiri okha ndipo ndi yolemera. Malo achitatu ndi okongola, ali ndi mlambe waukulu pakati, ndipo ndinatsala pang'ono kulipira. Ndinakhala pansi pake kaye kuti ndipume, ndipo mpamene ndinazindikira kuti dzuwa likundiwotcha. Mlambe mwezi uno ulibe tsamba ndi limodzi lomwe. Malo achinayi ali ndi mkuyu wamthunzi wabwino, koma pansi pake pali zitosi za mbalame ndi nkhuyu zotafunidwa, ndipo m'nthambi muli apusi amene akuti amadziwa kutsegula zipi ya tenti.

Pamalo achisanu ndinapeza mayi amene amayang'anira malowo akuchapa matawulo. Nditatulutsa chingwe anaseka mokondwa n'kunena kuti madalaivala a matiraki onyamula alendo, aja amayenda kuchokera ku Nairobi mpaka ku Cape Town, amachitanso chimodzimodzi. Ananditengera kuseri kwa khitchini kumene nthaka ndi yolimba, yosakanikirana ndi timiyala, pansi pa mitengo iwiri ya mango. Ino si nyengo ya mango, choncho palibe chogwera padenga. Mayiwa ndi amene anandiphunzitsa mafunso amene ndimayenera kufunsa kuyambira Lachinayi. Kodi mtengo ndi wa munthu aliyense kapena wa tenti? Pano ndi wa munthu aliyense pa usiku, ana theka, ndipo galimoto yolumikiza magetsi imawonjezera pang'ono. Kodi madzi a pampopi ndi a pamjigo kapena amapopa m'nyanja? Pano amapopa m'nyanja, ndiye ndi osamba ndi kutsukira mbale, osati odzaza m'thanki yakumwa. Kodi magetsi akazima pali sola? Kodi bala yoyandikana nayo imatseka nthawi yanji? Kodi alonda amagona pati?

Kenako anandifunsa iwo: "Galimotoyo yachokera ku Joni? Ndiye pulagi yake ndi ya mano ozungulira. Masoketi athu ndi a mano a makona." Ndikanapanda kukumana nawo, firiji ya alamu ikanakhala yozima masiku atatu. Ndatuma wa kabaza kukagula adaputala ku Monkey Bay, ndipo ndalipira usiku woyamba kudzera pa foni.

Pobwerera kukazula tenti ndinadutsa pagombe la asodzi, pamene pali mathandala oyanikapo usipa, mizere yaitali yonyezimira padzuwa. Panali malo ena apululu, osalala bwino, ndipo ndinafunsa agogo ena amene amasoka ukonde ngati munthu angakhome tenti pamenepo osalipira. Anaika singano pansi. "Mwanawe, apa ukuona ngati palibe kanthu chifukwa eni ake ali panyanja. Apa pamakocheza boti la uje, apo amayi amatsukirapo mbale, apo ndi poyalira chilimira. Ukafuna kugona pagombe la mudzi upite kwa amfumu ukapemphe, ngati mmene ungachitire kwanu." Ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa kumudzi kwathu mlendo wokhoma msasa padimba la munthu osaodira sitingamumvetse. Ndinabwera kuno ndi maganizo oti gombe lilibe mwini.

Dzuwa lisanalowe ndinapita chakumadzulo kwa mudzi, ku Otter Point, kumene umalipira pachipata polowa m'paki. Mtengo wa Mmalawi ndi wotsika poyerekeza ndi wa mlendo wakunja, bola ukhale ndi chitupa. Paki imeneyi, Lake Malawi National Park, inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene timakhala m'miyala. M'kati mwa paki sugona paliponse pamene wafuna, ndipo suthyola nkhuni. Chapafupi pali manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pano mu 1875, Robert Laws ali m'gululo, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawapulula. Ndinaima pamandapo kanthawi. Pobwerera ndinayang'anitsitsa neti ya tenti yanga ndipo ndinapeza kabowo pafupi ndi zipi. Ndakasoka ndi ulusi umene anandipatsa mayi aja.

Lamulungu, 14 Julaye

Afika 4 koloko madzulo, kudzera ku Liwonde ndi Mangochi, galimoto ili mbuu ndi fumbi. Ndinakawachingamira polowera m'mudzi ndipo ndinayenda patsogolo pawo wapansi, nsungwi m'manja, kukweza waya umodzi umene ndinauona dzulo. Ana a m'mudzi anatitsatira mpaka pachipata.

Pamalo paja, pamene dzulo ndinkaona ngati m'posalala, galimoto inaima chopendekera kunyanja. Alamu anaika botolo la madzi chogoneka pansi m'galimotomo, kathovu kanathawira mbali imodzi. Anati bedi likapendeka mutu umalemera, ndipo madzi a musinki satsika. Tinatola matabwa awiri kukhitchini, iwo anakwezapo matayala a mbali yakumunsi pang'onopang'ono, ine ndikuyang'ana kathovu mpaka kanaima pakati. Adaputala inalowa, firiji inayamba kulira. Achemwali anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, mwagwira ntchito."

Tenti yanga ndaikhoma kumbali imene galimoto ikutchinga mphepo, khomo kuyang'ana kunyanja. Pano zikhomo zagwira, koma matumba a mchenga aja ndabwera nawo ndipo ndamangirira ndithu. Chakudya chonse tatsekera m'galimoto chifukwa cha nyerere ndi apusi. Ana amafuna kusamba pomwepo pafupi ndi bango, koma mayi aja anatiletsa. Nkhono zofalitsa likodzo zimakonda madzi odekha a m'mabango ndi pamene anthu amachuluka. Anati tikasambe kumiyala kapena tikwere boti kupita ku chilumba cha Thumbi, ndipo ngakhale titero, pakapita milungu ingapo tikayezetse kuchipatala.

Tadya nsima ya kampango wowotcha. Mdima utagwira, nyali za asodzi a usipa zinayamba kuyaka panyanja, imodzi, zitatu, kenako mzere wonse kuchoka ku chilumba cha Domwe mpaka kumene maso alekezera. Mphwanga wamng'ono, amene anabadwira ku Johannesburg ndipo Chichewa amachita chodumphadumpha, anafunsa ngati kutsidyako kuli tauni. Ndinamufotokozera kuti ndi mabwato, kuti nyali imaitana usipa ndipo ukonde umazinga pansi pake. Wapempha kuti agone m'tenti ndi ine.

Lolemba, 15 Julaye

Ndadzuka 5 koloko ndi kulira kwa nkhwazi. Mwana ali m'tulo, phazi lake lili pamimba panga. Nsalu yamkati yachita chinyezi chifukwa ndinatseka timawindo tonse poopa kuzizira. Usiku uno ndisiya kamodzi kotsegula. Ndajambula tenti ili pambali pa galimoto, mabwato akukocheza kumbuyo kwake, n'kutumizira amayi. Ayankha ndi uthenga wa mawu: akufunsa ngati pansi sipakupweteka msana, komanso ngati usipa wa kuno watsika mtengo, ndiwagulireko ndowa imodzi.