Gulugufe wa kachisisira ku St Lucia

Tinafika ku St Lucia, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, dzuwa litapendeka. Kumeneko nkhalango inamera pamilu ya mchenga yaitali ngati mapiri, ndipo kuseri kwa miluyo nyanja yamchere imachita mkokomo usana ndi usiku. M'nkhalangomo muli chomera china chimene mlimi aliyense angalumbire kuti ndi nthochi. Koma si nthochi ayi. Akatswiri amachitcha Strelitzia nicolai.

Nditayang'anitsitsa masamba ake, ndinaona kuti ena ndi odulidwa m'mphepete n'kupindidwa ngati ndudu ya chingambwe. Mwini ntchitoyo ndi mbozi ya gulugufe wotchedwa Moltena fiara. Mboziyo imasoka tsambalo ndi ulusi wake n'kubisalamo, ndipo tsamba lomwelo ndilo chakudya chake.

Gulugufe mwini wake tinamuona kachisisira katayamba. Alibe maonekedwe okopa: ndi wofiirira, wathupi lonenepa ndi maso akuluakulu, ndipo akatambasula mapiko amakwana masentimita 5 kapena kupitirirapo pang'ono. Wamwamuna ali ndi tinyanga toyera, timene timaonekabe mdima ukamagwa. Sauluka mwaulesi ngati agulugufe a m'dimba. Amadutsa ngati mwala wa pa legeni, n'kutera, n'kuzimiriranso. Masana amapuma pamthunzi.

Kwawo kwa gulugufeyu ndi m'nkhalango za m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Eastern Cape mpaka kummwera kwa Mozambique, kumene chomera chija chimamera. Chomeracho chikatha, nayenso watha.

Ngozi yotere inatsala pang'ono kugwa kuno. Mchenga wa m'milu imeneyi uli ndi miyala yamtengo wapatali yopangira titanium, ndipo cha kummwera, kufupi ndi Richards Bay, akhala akuukumba kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Anthu ambiri atakana zoti migodi ifike ku St Lucia, boma linaletsa ntchitoyo mu 1996. Mu 1999 bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo mu 2007 anapatsidwa dzina loti iSimangaliso.

Pobwerera ndinkaganizira za tchire limene timasiya m'mphepete mwa minda ndi mitsinje kwathu. Tisanalilowetse chikwanje kapena moto, ndi bwino tiyambe tapindula masamba ake n'kuona kuti mukukhala yani.