Pakati pa bwalo la mchenga

Ndinafika ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, kudzawola ndowe m'makola a mahatchi monga amachitira anyamata ambiri a kwathu ku Malawi. Kupesa ubweya ndi kutokosa ziboda m'mawa uliwonse ndiko kunandidziwitsa nyamayi. Lero ndimaima pakati pa bwalo la mchenga, ana akundizungulira pamsana pa mahatchi, ine n'kumakuwa mawu omwewomwewo: zidendene pansi, maso kutsogolo, manja afewe.

Makolo amaganiza kuti maso anga amakhala pa mwana wawo. Kunena zoona amakhala pa makutu a hatchi. Makutu akagonera m'mbuyo, mchira n'kuyamba kukwapula, ndimadziwa kuti mwana wakoka zingwe mopitirira ndipo chitsulo cha m'kamwa chikuipweteka. Nyama ya makilogalamu pafupifupi 500 imamva ntchentche ikatera pakhungu pake, nanji miyendo ya munthu wamantha ikuifinya nthiti! Wophunzira akhoza kundiuza kuti sakuopa, koma hatchi yandiuza kale.

Tsiku loyamba sindifulumira kukweza munthu. Ndimamusonyeza kuti hatchi imaona pafupifupi mbali zonse, kupatula kumbuyo kwenikweni ndi pamphuno pake, choncho osaidzidzimutsira kumatako. Timakwerera kumanzere, chipewa cholimba chili kumutu. Kenako ndimamangirira hatchi chingwe chachitali kuti izindizungulira, wokwerayo aphunzire kukhala pachishalo asanapatsidwe zingwe. Povuta ndi pamene hatchi yayamba kuthamanga pang'onopang'ono: munthu amayenera kudzuka ndi kukhala motsatira mapazi ake, ndipo ambiri amangogundagunda ngati thumba la chimanga pangolo. Tsiku lina thupi limangogwira lokha. Nkhope ya mwana pa mphindi imeneyo sinditopa nayo.

Ntchito ina sioneka. Ndine ndimasankha hatchi yoyenera munthu aliyense, ndipo yokalamba yofatsa ndimaisungira oyamba kumene, ngakhale bambo wina anyinyirike kuti walipira ndalama zambiri kuti mwana wake akwere "gogo". Ndimayang'anira kadyedwe, chifukwa hatchi sisanza, ndipo m'mimba mukapotana ikhoza kufa usiku umodzi. M'nyengo ya mvula timaopa tizilombo touluka madzulo tomwe timafalitsa matenda oopsa a mahatchi, ndiye katemera sitimuphonya, komanso dzuwa likamapendeka mahatchi onse amalowa m'khola.

Cholakwa changa chachikulu chinali cha lamba wa pamimba. Mahatchi ena amakunga mimba ukamawamanga chishalo, kenako lambayo amakhwepa akayamba kuyenda. Tsiku lina sindinabwerezenso kumuona lambayo. Pokhota, chishalo chinapendekera kumbali, kamtsikana ka zaka 8 n'kugwera mumchenga. Sikanavulale, koma mayi ake anali atafika kale pampanda, ine mawondo akugundana. Kanadzuka, kanasasa mchenga pabuluku, n'kufunsa ngati hatchiyo yapweteka. Ndinamanganso lambayo, ndinalowetsa zala kuti ndimve kulimba kwake, ndipo ndinakakwezanso.